Masaji a miyala yotentha: madzi atenthe kufika pati kuti munthu asapse?

Wongoyamba_kumene

Moni nonse. Masaji wamba a manja ndimawadziwa, koma tsopano ndikufuna kuwonjezera a miyala yotentha. Miyala ndili nayo, ya basalt (mwala wakuda wochokera ku mapiri ophulika), yaikulu ndi yaing'ono yokwana 36, ndipo chotenthetsera chake n'cha magetsi chothira madzi. Chikundizunguza mutu n'chakuti malangizo amene ndikuwerenga sakugwirizana. Ena akuti madzi afike 45°C, ena akuti 60°C. Mulingo woyenera ndi uti? Nanga miyala yongoika pamsana ija imaikidwa pakhungu penipeni kapena pansalu, ndipo ikhalepo mphindi zingati? Ndi anthu ati amene sindiyenera kuwachita masaji amenewa? Odziwa chonde ndithandizeni, ndikuopa kuwotcha munthu.

MayiWaMasaji

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanagwire munthu. Madzi a m'chotenthetsera akhale pakati pa 49°C ndi 54°C, ndipo inu amene mukuyamba kumene khalani cha pa 50°C. Za 60°C zija zisiyeni. Madzi a 60°C amawotcha khungu kwambiri m'masekondi pafupifupi 5. A 54°C kapena 55°C amatenga pafupifupi theka la mphindi, a 49°C amatenga mphindi zingapo, ndipo ngakhale 44°C imawononga khungu ikakhalapo maola ambiri. Kugwirizana kwa kutentha ndi nthawi kumeneku anakufufuza asayansi awiri, Moritz ndi Henriques, kale mu 1947.

Onani bwino manambalawo: ngakhale pa mulingo umene ndakupatsaniwo, munthu angathe kupsa. Chimene chimawotcha si kutentha kokha ayi. Ndi zinthu zitatu zikakumana: kutentha kwa mwala, nthawi imene wakhala pamalo amodzi, ndi mmene wapanikizira khungu. Mwala woyenda umakhudza malo amodzi kwa sekondi imodzi n'kupitirira, magazi a pakhungupo n'kunyamula kutenthako kupita nako kwina. Mwala wongokhala phee umaunjika kutentha pamalo amodzimodzi. Anthu ambiri amene amapsa pa masaji amenewa amapsa ndi miyala yongoikayo, osati yosisitira.

Pokonzekera, yalani kathawulo pansi pa chotenthetsera kuti miyala isagunde chitsulo chotentha, komanso isamachite phokoso. Sanjani miyala monga mwa kukula kwake, yaikulu mbali imodzi, yapakati mbali ina, kuti musamafufuze pamene munthu wagona kale. Thirani madzi omiza miyala yonse, chifukwa mwala umene msana wake uli pamtunda umatentha mosiyana mbali ndi mbali. Ipatseni mphindi 30 mpaka 45 kuti itenthe mpaka mkati. Musakhulupirire nambala yolembedwa pabatani la chotenthetsera. Ikani themometa yanuyanu m'madzimo, ndipo muziiyang'ana nthawi iliyonse mukamavuula miyala. Pambali pakhale mbale ya madzi ozizira, thawulo louma, ndi supuni yaikulu yobowokabowoka yovuulira.

Mukavuula mwala, upukuteni uume, kenako ufumbateni mwamphamvu muwerenge mpaka 5 mosathamanga. Ngati dzanja lanu likufuna kuutaya, sungapite pathupi la munthu. Koma dziwani kuti zikhatho za munthu wogwira ntchitoyi zimazolowera moto, ndiye pakapita miyezi zimayamba kunama. Uyeseninso mkati mwa mkono wanu, pamene khungu n'lofewa. Mwala waukulu umapusitsanso: mukauviika m'madzi ozizira kwa masekondi awiri, kunja kumazizira koma mkati muli moto, ndipo pakatha mphindi imodzi kutenthako kumatulukiranso kunja. Mukauziziritsa, ugwireni kaye pang'ono muone ngati sukuyambanso kutentha.

Posisita, yambani ndi manja okha kupaka mafuta pamalopo. Mwala pakhungu louma umakoka ubweya ndipo suyenda. Tengani miyala iwiri, umodzi dzanja lililonse, muuzeni munthuyo kuti tsopano pakubwera mwala, ndipo mukhudze kaye ndi kuseri kwa dzanja lofumbata mwalalo, kenako mutembenuze dzanja likuyenda kale. Poyamba yendetsani mofulumirirapo ndi mopepuka, mtunda wautali, kuchokera m'chiuno kukafika paphewa. Mwala ukamazizira m'pamene mumachepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu. Muziutembenuza m'dzanja mukayendetsa kangapo, chifukwa mbali yoyang'ana chikhatho imakhala yotentha kuposa yokhudza thupi. Mwala wapakati umatha kutentha m'mphindi zochepa. Ukafunda chabe, m'pamene mungagwiritse ntchito m'mphepete mwake kulowa mumnofu wolimba wa m'mbali mwa fupa la phewa. Osadutsitsa mwala pa fupa la msana penipeni, pa fupa la kutsogolo kwa mwendo, pabondo, pachigongono kapena pakakolo. Kutsogolo kwa khosi, m'khwapa ndi kuseri kwa bondo musapanikizeko, kuli mitsempha yaikulu yosabisika.

Miyala yongoika pamsana: pakhungu penipeni ayi, nthawi zonse. Pakati pakhale thawulo louma, ndipo miyala ikakhala yaikulu lipindeni pawiri. Ndikuti louma chifukwa nsalu yonyowa imadutsitsa kutentha mofulumira kwambiri. Ikani miyala m'mbali ziwiri za fupa la msana, pamnofu. Pakatha mphindi 2 kapena 3 funsani, ndipo musangofunsa, tukulani thawulo muone khungu. Kutentha kumatenga kanthawi kuti kudutse nsalu, ndiye munthu amene wanena kuti "zili bwino" mutangoika kumene sanamve kalikonse. Mukaona malo ofiira kwambiri ojambula mwala weniweniwo, kapena khungu lachita mawangamawanga, chotsani pomwepo. Pa anthu a khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho gwiranipo ndi dzanja mumve ngati malowo atentha kuposa oyandikana nawo, ndipo muone ngati akunyezimira kapena atupa pang'ono. Isapitirire mphindi 15 mpaka 20 pamalo amodzi.

Pali njira ina yogoneka munthu chagada pamwamba pa miyala yosanjidwa pabedi. Imeneyo isiyeni kaye mpaka manja atakhwima. Kulemera kwa thupi kumafinya timitsempha ta pakhungu, magazi sayenda bwino kuti achotse kutentha, ndipo inu simungaone chimene chikuchitika kunsiko.

Wa_Mitsempha_ndi_Minofu

Amayi afotokoza bwino za kutentha. Ine ndiyankhe funso lachitatu, chifukwa chitetezo chonse chimene anenacho chimadalira chinthu chimodzi: munthuyo azitha kumva kuti akupsa, n'kunena. Amene sangamve kapena sangalankhule bwino, miyala yotentha si yake.

Oyamba ndi odwala matenda a shuga, makamaka amene adwala zaka zambiri. Shuga amawononga mitsempha yomvera, kuyambira kumapazi, ndipo munthu angathe kupsa mpaka matuza osamva kanthu. Bala lake limachedwanso kupola. Chimodzimodzi aliyense amene ali ndi dzanzi pamalo ena: wodwala sitiroko, wovulala msana, wodwala khate, kapena amene mapazi amachita dzanzi chifukwa cha mankhwala ena. Woledzera, womwa mankhwala amphamvu opha ululu kapena ogonetsa, ndi amene wapaka mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu alinso m'gulu lomweli. Ndiwonjezere za timapepala ta mankhwala tomata pakhungu, monga ta fentanyl, mankhwala amphamvu opha ululu: kutentha kumachititsa kuti mankhwalawo alowe m'thupi ambiri nthawi imodzi, ndipo zimenezi zingathe kupha.

Gulu lachiwiri ndi la mtima ndi magazi. Kutentha kumakulitsa mitsempha ya magazi ya pakhungu, BP imatsika, mtima n'kumagunda mofulumirirapo. Kwa munthu wathanzi palibe vuto. Kwa wodwala mtima, kapena wa BP yokwera imene sinakhazikike ndi mankhwala, kapena wa BP yotsika kwambiri, pafunika chilolezo cha dokotala. Amene magazi anaundana mumtsempha wa m'mwendo asasisitidwe n'komwe, ndi miyala kapena ndi manja, chifukwa magazi oundanawo angasunthe n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Zizindikiro zake ndi katumba wotupa mwendo umodzi, wotentha ndi wopweteka. Mukaona zimenezo mutumizeni kuchipatala tsiku lomwelo. Omwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin amachita mikwingwirima msanga mukapanikiza. Pa mitsempha yotupa yooneka ngati zingwe m'miyendo, mwala usadutsepo.

Ena: mayi woyembekezera, munthu amene thupi latentha, amene ali ndi zilonda, zidzolo kapena matenda a pakhungu, amene wapsa ndi dzuwa, amene wachitidwa opaleshoni posachedwa, amene akulandira chithandizo cha khansa, makamaka pamalo amene anawotchedwa ndi radiation (kuwala kwamphamvu kopha khansa), ndi odwala multiple sclerosis (matenda owononga mitsempha ya muubongo ndi ya mumsana), amene kutentha kumawonjezera zizindikiro zawo. Wobinya kapena wovulala mnofu m'masiku awiri kapena atatu apitawa safuna kutentha, kumangowonjezera kutupa. Okalamba khungu lawo n'lopyapyala, ndiye tsitsani kutentha, ndipo ngati mafupa awo ndi ofooka musapanikize. Ana aang'ono ayi.

Mafunso amenewa alembeni papepala, munthu aziyankha asanavule. Ambiri sanena okha kuti ali ndi shuga, amaona ngati sizikukhudzana ndi masaji.

Chinanso, achemwali, samalani ndi zimene mumalonjeza. Kutentha kumafewetsa minofu yokungika, kumachepetsa ululu kwa kanthawi, ndipo munthu amapumula bwino. Izi n'zoona ndipo n'zokwanira. Koma zoti miyala imakoka poizoni m'thupi kapena imachiza nyamakazi zilibe umboni, ndipo zimachedwetsa anthu kupita kuchipatala.

Wongoyamba_kumene

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo, za thawulo lonyowa ndi za timapepala ta mankhwala sindimazidziwa. Ndifunsenso: miyala 36 ndi yokwanira thupi lonse? Ndingawonjezere ndi yotola kumtsinje? Nanga chotenthetsera chikawonongeka, poto kapena microwave zingagwire?

BamboWaMiyala

Miyala 36 ikwana ngati mukuibwezera m'madzi mwadongosolo. Pa masaji a thupi lonse mumafuna yaikulu 6 mpaka 8 yoika pamsana, umodzi waukulu wafulati wa m'chiuno, yapakati 10 kapena 12 yosisitira, iwiri yofumbatitsa munthu m'manja, ting'onoting'ono 8 ta pakati pa zala zakuphazi, ndi tochepa topyapyala ta kumaso. Yosisitirayo ndiye imafunika yambiri, chifukwa mwala umene mwaubwezera m'madzi umafuna mphindi zingapo kuti utenthenso, ndipo mukabwezera yozizira yambiri nthawi imodzi madzi onse amatsika kutentha. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amapotokola batani kuti madzi akwere msanga, n'kuiwala kubwezera, pakatha mphindi 10 madzi ali pa 60°C. Batani lisiyeni pamene lili. Yogwiritsidwa ntchito muziika mbali imodzi, n'kumavuula mbali inayo.

Basalt ndi mwala wochokera ku chiphalaphala cha mapiri ophulika chimene chinazizira msanga. Ndi wolemera, wothinana, wopanda timabowo tambiri, ndipo umatulutsa kutentha pang'onopang'ono. Yakumtsinje si yoipa yonse, ndipotu basalt wambiri wogulitsidwa anasalala ndi madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja. Vuto n'lakuti mumtsinje muli miyala yamitundumitundu. Yamchenga ndi yofewa imamwa madzi ndi mafuta, imasunga tizilombo, ndipo imazizira msanga. Ngati mukutola, sankhani wakuda kapena wotuwa mwakuda, wolemera kuposa mmene ukuonekera, wopanda mng'alu, umene dontho la madzi sililowa. Uyendetseni mkati mwa mkono wanu mbali zonse; ukangokanda pang'ono, utayeni. Mwala wanu wogula ukagwa n'kubenthuka, nawonso watha ntchito, chifukwa pobenthukapo pamacheka khungu lofewa ndi mafuta.

Microwave ayi. Imatenthetsa mwala mosiyanasiyana, pena pofunda pena pa moto, simungayeze, ndipo mwala ungathe kung'aluka. Uvuni, chiwaya kapena kuika pamoto ndi chimodzimodzi, ndipo mwala wokhala ndi chinyezi mkati umaphulika madziwo akasanduka nthunzi. Ubwino wa madzi ndi wakuti mwala sungatenthe kuposa madzi amene ulimo, ndiye mukayeza madzi mwadziwa malire a mwala. Poto wa pamoto amaononga zimenezi, chifukwa pansi pake pamatentha kuposa madzi, ndipo kutentha sikukhazikika. Chotenthetsera chikawonongeka, tsiku limenelo chitani masaji a manja.

Themometa nayonso muziiyesa. Dzazani kapu ndi ayezi wophwanya, thirani madzi pang'ono, vundulani, dikirani mphindi zingapo: iyenera kuwerenga 0°C. Madzi owira si abwino kuyesera, chifukwa kumalo okwera amawira asanafike 100°C.

Za ukhondo. Madzi ofunda osakanikirana ndi mafuta ndi litsiro la pakhungu ndi malo amene mabakiteriya amaswana bwino, ndipo 50°C siipha tizilombo tonse. Munthu aliyense akatha, tayani madzi, tsukani mwala uliwonse ndi madzi otentha a sopo ndi kaburashi mpaka kuterera kwa mafuta kutatha, tsukuluzani, kenako thirani mankhwala ophera tizilombo monga alcohol wa 70% kapena ena ovomerezeka, muwasiye nthawi imene yalembedwa pabotolo. Mankhwala pamwala wamafuta sagwira, n'chifukwa chake sopo amayamba. Tsukaninso chotenthetsera ndi supuni, sinthani kathawulo kapansi, ndipo miyala iume isanasungidwe. Ta zala zakuphazi tisamaleni kwambiri chifukwa cha mafangasi a kumapazi. Ngati anthu akubwera motsatizana, mufunika magulu awiri a miyala, apo ayi musiye mpata wa ola pakati pawo.

MayiWaMasaji

Abambo anena zoona, koma pa ta zala zakuphazi ndi ta kumaso ndiwonjezere: timeneti tisachoke m'madzi kupita pathupi. Khungu la pakati pa zala ndi la kumaso n'lopyapyala, ndipo ta kuphazi timakhala pakhungu popanda nsalu. Tivuuleni msanga, tizizire mpaka tikhale tofunda chabe, kotero kuti mungatigwirizitse patsaya lanu osamva kuwawa. Kumaso musayandikire maso.

Dongosolo la mphindi 75 mpaka 90 lingayende chonchi. Munthu agone chafufumimba, mumufunditse, muike miyala pamsana pamwamba pa thawulo. Pamene ikugwira ntchito, sisitani kuseri kwa miyendo, mwendo umodzi mphindi 7 kapena 8, mukuyendetsa kulowera kumtunda. Mukatha miyendo yonse nthawi ya miyala ija yakwana: ichotseni, muvundukule msana, muusisite mphindi 20, chifukwa ambiri amabwerera msana ndi mapewa. Kenako atembenuke, muchite kutsogolo kwa miyendo, mapazi, mikono, mapewa ndi kuseri kwa khosi. Musachoke m'chipinda munthu ali ndi miyala pathupi, ngakhale kwa mphindi imodzi. Akagona tulo, inu ndiye mukhale maso ake, muzitukula thawulo pafupipafupi.

Pamakhala anthu amene amati "wonjezerani moto, ine ndimapirira." Musavomere. Kupirira kwa munthu sikusintha mulingo umene khungu limapsera. Ena amachita manyazi kunena kuti akupsa, poganiza kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, choncho musanayambe auzeni momveka kuti kutenthaku kukhale kokoma, kukangoyamba kuluma anene pomwepo. Funso lakuti "zili bwino?" aliyense amayankha kuti eya. Funsani kuti "ndichepetse kutentha kapena ndisiye chonchi?"

Mafuta akhale opepuka osanunkhira kwambiri, monga a jojoba kapena a njere za mphesa. Pewani mafuta okhala ndi menthol, camphor kapena tsabola, aja amatenthetsa kapena kuziziritsa khungu. Amasokoneza kamvedwe ka munthu, ndipo akakumana ndi kutentha amawotcha.

Mudzamvanso za miyala yozizira ya marble (nsangalabwi). Njira imene inatchukitsa masaji amenewa masiku ano, LaStone Therapy, anaiyambitsa Mary Nelson ku Tucson, Arizona, m'dziko la America, mu 1993, ndipo imasinthanitsa miyala yotentha ndi yozizira. Ndi luso labwino, koma lili ndi malamulo ake. Dziwani kaye yotentha.

Pomaliza munthu asadzuke mwadzidzidzi. Mitsempha imakhala itatakasuka, ndiye akaimirira msanga amachita chizungulire, ena mpaka kugwa. Atembenukire kumbali, akhale pansi mphindi imodzi kapena ziwiri miyendo ili lende, amwe madzi, kenako aimirire inu muli pafupi. Akayamba thukuta lambiri, nseru kapena mutu masaji ali mkati, chotsani miyala yonse, muchepetse zofunda.

Namwino_wa_Mabala

Ndiwonjezere zochita ngati munthu wapsa, chifukwa ngakhale wosamala zingamuchitikire. Chotsani mwala, siyani masaji, ndipo thirani madzi ozizira oyenda pamalopo kwa mphindi 20 zathunthu. Madzi apampopi, osati ayezi, chifukwa ayezi amafinya mitsempha n'kuwonjezera kuwonongeka kwa khungu. Ngati pali pamsana pamene mpopi sungafike, gwiritsani ntchito shawa, kapena matawulo oviika m'madzi ozizira n'kumawasintha pafupipafupi. Thupi lotsalalo lifunditseni kuti munthu asazizidwe. Mphete kapena chibangili chapafupi ndi balalo chivuleni kusanatupe.

Musapakepo mafuta a masaji, batala, mankhwala otsukira mano kapena ufa uliwonse. Matuza musawaboole. Mukaziziritsa, phimbani momasuka ndi bandeji yosamata kapena pulasitiki woyera wokulungira chakudya, osati thonje. Apite kuchipatala ngati pali matuza aakulu, ngati bala likuposa chikhatho chake, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi kapena polumikizira mafupa, ngati ali ndi shuga, kapena ngati malowo ayera, ada kapena aumirira koma sakupweteka. Kusapwetekako si chizindikiro chabwino, kumasonyeza kuti bala lalowa mkati mpaka kuwononga mitsempha yomvera.

Bala la kutentha kochepa kwa nthawi yaitali, ngati la mwala wongoika, nthawi zambiri silionekera pomwepo. Munthu amachoka ali ndi kufiira chabe, matuza n'kutuluka usiku kapena mawa lake. Choncho mukaona malo okayikitsa, muuzeni, musabise, ndipo mufunseni tsiku lotsatira mmene pakuonekera. Lembaninso m'buku lanu kutentha kwa madzi tsiku limenelo, malo amene mwala unali, ndi mphindi zimene unakhalapo, kuti adokotala akafunsa mukhale ndi yankho.